Ndani amatsimikiza kuti zotsatira za PCR n'zoona?

Munthu amene ali pa ma ARV ku Lobi, ku Mtakataka kapena ku Tsangano amatengedwa magazi chaka ndi chaka kuti aone kuchuluka kwa kachirombo m'thupi mwake. Pakapita masabata, anamwino amatsegula kabuku kake ka kuchipatala n'kulembamo nambala. Nambalayo ikakhala yotsika, amamuuza kuti apitirize kumwa mankhwala monga mwa masiku onse. Ikapitirira 1,000, nkhani imasintha: uphungu wapadera, mafunso a momwe akumwera mankhwala, kuyezanso pakatha miyezi itatu, mwinanso kusinthidwa mankhwala kumene. Zonsezi zatsamira pa nambala imodzi, yotuluka m'kuyeza kwa kulabu kotchedwa PCR, imene mwini magazi sangathe kuitsutsa, ndipo ngakhale anamwino amene amuwerengera sanaone momwe inapezekera.

Ambiri timaganiza kuti chitsimikizo chili m'makina: ndi odula, achokera kunja, ndiye sanganame. Makina ndi mbali yochepa chabe ya nkhaniyi. Chimene chimachititsa kuti magazi omwewo atulutse nambala yofanana ku Lilongwe, ku Nairobi ndi ku London ndi zikalata za miyezo, zolembedwa ndi makomiti a akatswiri amene ambiri a ife sitidzawaona n'komwe. Mukaziwerenga zikalatazo mupeza kuti masamba ambiri sakamba za makina ayi. Akamba za manja a anthu: wotenga magazi, wolemba dzina pakachubu, wa njinga yamoto, wopukuta tebulo la m'labu.

Kuyeza kochulukitsa

Kuyeza kumene tinakulira nako n'kwa maso. Wa kulabu amapaka dontho la magazi pakagalasi n'kufufuza tizirombo ta malungo pa maikulosikopu, kapena amapaka makhololo n'kufufuza ta TB. Kenako kunabwera tizipangizo ta mizere iwiri tija, toyezera malungo ndi HIV pompopompo. Kuyeza kumene tikukamba pano n'kwa mtundu wina. Kumafunafuna DNA kapena RNA ya kachirombo, ndiko kuti kachidutswa ka chibadwa chake kamene kamakasiyanitsa ndi kachirombo kena kalikonse. Njira yotchuka kwambiri ndi PCR, imene Kary Mullis wa ku America anaitulukira mu 1983, n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993.

Ntchito ya PCR ndi kuchulukitsa. Makina amatenthetsa ndi kuziziritsa sampulo mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse kachidutswa kofunidwako kamawirikiza: kamodzi kakhala tiwiri, tiwiri tikhala tinayi, tinayi tikhala 8. Pofika ulendo wa 30, kachidutswa kamodzi kabala makope opitirira 1 biliyoni, ochuluka mokwanira kuti makina awaone.

N'chifukwa chake PCR imafika pamene njira zina zimalephera. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limakhala ndi asilikali a m'magazi a mayi ake mpaka miyezi 18, moti kachipangizo ka mizere iwiri, kamene kamayang'ana asilikaliwo osati kachirombo kenikeniko, kangaonetse kuti lili ndi kachirombo pamene lilibe. PCR imayang'ana kachirombo kenikeniko, ndiye mwana amayezedwa ali ndi masabata 6. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu Disembala 2010, amapeza TB m'makhololo pasanathe maola awiri, n'kunenanso ngati ili yosamva mankhwala a rifampicin. Covid-19 itafika kuno mu Epulo 2020, mawu akuti PCR anafika mpaka pachipata cha Dedza, pakamwa pa madalaivala a mathiraki. Ndipo kuyambira 2021 WHO imalimbikitsa kuti poyeza khansa ya khomo la chiberekero aziyamba ndi kufufuza DNA ya kachirombo ka HPV.

Koma mphamvu yomweyo ndiyo vuto lake. PCR sisankha chochulukitsa. Potsegula kachubu kamene kayezedwa kale, kadontho kosaoneka ndi maso kangauluke kali ndi makope mamiliyoni. Kakatera pa golovesi, pa paipeti (kachipangizo kotapira timadontho) kapena m'sampulo ya mwana wina, makina adzakachulukitsa mokhulupirika, ndipo mwana wopanda kachirombo adzalembedwa kuti ali nako. Mbali inayo, RNA sichedwa kuonongeka ikatenthedwa kapena ikakhalitsa, moti munthu amene mankhwala asiya kumugwira angauzidwe kuti zonse zili bwino. Pa maikulosikopu, munthu wachiwiri atha kuyang'ananso pakagalasi n'kutsutsa mnzake. Pa PCR palibe choyang'ananso. Pali nambala basi.

Izi sizongoganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, PCR itangolowa m'zipatala za ku Ulaya, akatswiri anatumiza masampulo ofanana ku malabu osiyanasiyana kuti ayeze kachirombo ka Hepatitis C. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 1993 zinachititsa manyazi: malabu ochepa chabe ndi amene anakhoza zonse, ena anapeza kachirombo m'masampulo opanda kanthu. Labu iliyonse inkachita zakezake. Miyezo yambiri imene ilipo lero inabadwa m'manyazi a nthawi imeneyo.

Amene amalemba

Bungwe lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Clinical and Laboratory Standards Institute, mwachidule CLSI, la ku Pennsylvania m'dziko la America. Linayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi dzina lina, NCCLS, ndipo linatenga dzina la panoli mu 2005. Zikalata zake za kuyeza kwa DNA ndi RNA zimayamba ndi zilembo MM. MM03 imakamba za matenda opatsirana, MM13 za katengedwe, kanyamulidwe ndi kasungidwe ka masampulo, MM19 za momwe mungakhazikitsire labu yotere kuchokera pachiyambi.

Kalembedwe kake n'kochedwa dala. Komiti imakhala ndi anthu a mbali zitatu: ogwira ntchito m'malabu ndi m'mayunivesite, a makampani opanga zipangizo, ndi a boma. Ambiri amagwira mongodzipereka. Amasonkhanitsa umboni wa kafukufuku, n'kulemba chikalata choyamba, n'kuchitulutsa kuti aliyense wofuna aperekepo ndemanga, ndipo komiti imayenera kuziona ndemangazo ndi kuziyankha isanavote. Chikalata chimodzi chimatha zaka. Wina angafunse chifukwa chake a makampani amaloledwa kukhala nawo, popeza ali ndi malonda oti ateteze. Funsolo n'lomveka. Yankho la makomitiwa n'lakuti muyezo umene opanga makina sangaukwanitse umathera pashelefu, ndipo n'chifukwa chake mbali zitatuzi zimayenera kulingana mphamvu kuti wina asapondereze anzake. Kaya zimatheka nthawi zonse, imeneyo ndi nkhani ina.

Pamwamba pa zonsezi pali ISO 15189, muyezo wa dziko lonse wa malabu a zachipatala, wolembedwa ndi komiti nambala 212 ya ISO, bungwe lolemba miyezo ya dziko lonse la ku Geneva. Unatuluka koyamba mu 2003, n'kukonzedwanso mu 2007, 2012 ndi 2022. Uwu suuza labu momwe ingachitire PCR. Umanena zimene labu iyenera kusonyeza kuti anthu aikhulupirire. WHO nayo ili ndi makomiti ake: ina imaunika zipangizo zoyezera zisanalowe pamndandanda umene mayiko ndi mabungwe ngati Global Fund amayang'ana pogula, ina imakhazikitsa miyezo ya kuchuluka kwa tizirombo. Palinso mabungwe a akatswiri okhaokha monga Association for Molecular Pathology, limene linayamba mu 1995, amene makomiti awo amalemba malangizo a kuyeza khansa ndi matenda akumtundu.

Zikalata zimenezi si malamulo pazokha. Zimakhala ndi mano pamene Unduna wa Zaumoyo wazilowetsa m'ndondomeko zake, pamene opereka ndalama azifuna, kapena pamene labu ikufuna satifiketi yoivomereza. Kwathu kuno ogwira ntchito m'labu amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo malabu aakulu oyang'anira anzawo ali ku Lilongwe.

Kuyambira pachala mpaka papepala

Zolakwika zambiri za kulabu zimachitika sampulo isanafike n'komwe pamakina. Apa ndiye pagona nkhani kwa ife a m'maboma, chifukwa mbali imeneyi imachitikira kwathu.

Tiyambe ndi kachubu. Magazi oyeza kuchuluka kwa HIV amathiridwa m'kachubu ka chitsekerero chapepo, kamene kali ndi mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa EDTA. Kachubu ka chitsekerero chobiriwira kali ndi heparin, ndipo heparin imalepheretsa PCR. Tsiku limene timachubu tapepo tatha, munthu wofuna kuthandiza atha kutenga kobiriwira poganiza kuti magazi ndi magazi, osadziwa kuti waononga zonse. Magazi a m'kachubuwo amafunikanso kupukusidwa pamakina m'maola ochepa, lisanathe tsiku, kuti madzi ake alekane ndi maselo, kenako n'kusungidwa m'firiji. Zipatala zing'onozing'ono zambiri sizingakwanitse zimenezi, ndiye kunabwera njira ya magazi ouma papepala, imene a kuchipatala amangoti DBS.

Kakhadi ka DBS kali ndi timabwalo tisanu. Mwana wamng'ono amabayidwa kuchidendene, wamkulu pachala. Dontho loyamba amalipukuta, otsatirawo amawadonthetsa pakati pa kabwalo mpaka kadzaze n'kulowerera kuseri, popanda chala kukhudza pepala ndiponso popanda kudonthetsanso pamwamba pa dontho limene layamba kuuma. Kakhadiko amakagoneka pa kathandala kake maola osachepera atatu, pamthunzi, kosagundana ndi kanzake. Kakauma amakaika m'kajumbo kotseka pakamwa limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa. Kakhadi koikidwa m'jumbo kasanaume kamachita nkhungu. Makhadi awiri ogundana ali onyowa amasakaniza magazi a anthu awiri. Kuyanika padzuwa kuti ziume msanga, monga momwe mtima ungafunire tsiku la chifunga cha ku Dedza mu Juni, kumaononga chimene tikufuna kuyeza.

Ndiye pali dzina. Miyezo imafuna kuti sampulo ikhale ndi zizindikiro ziwiri za mwini wake, zolembedwa iye ali pomwepo, osati madzulo kiliniki itatha. M'dera limene mudzi umodzi uli ndi a Phiri khumi, ndipo mayi mmodzi amalembetsa dzina la bambo ake lero, la mwamuna wake mawa, lamulo limeneli si lachibwana. Labu yotsata muyezo imakana sampulo yopanda dzina lomveka, yamagazi ochepa kapena yovunda, n'kulemba chifukwa chake. Kwa mayi amene wayenda wapansi kuchokera kuphiri ali ndi mwana kumbuyo, kuuzidwa kuti abwerenso n'kowawa. Komabe zotsatira za mwana wa eni zolembedwa m'kabuku ka mwana wake zingamupweteke koposa.

Kuchoka pamenepo sampulo imakwera njinga yamoto. M'Malawi muno ntchito yonyamula masampulo yakhala ikugwiridwa kwambiri ndi a Riders for Health, amene amazungulira zipatala zing'onozing'ono n'kukatula kuchipatala cha paboma, kumene ena amayezedwa pomwepo, ena n'kupitirira ku malabu aakulu. Miyezo imafuna kuti pakhale buku losonyeza amene wapereka, amene walandira, tsiku ndi nthawi. Nthawi yodikira zotsatira nayo ili m'gulu la zoyezedwa. Zotsatira zolondola za khanda zimene zafika patatha miyezi itatu, chifukwa msewu wa ku Tsangano unadukaduka ndi mvula kapena pepala linagona m'dirowa, zalephera ntchito yake ngakhale makina sanalakwitse.

M'labu mwenimwenimo, lamulo lalikulu ndi la njira imodzi. Labu ya PCR yachikale imagawidwa zipinda: chosakanizira mankhwala, chotulutsira DNA m'masampulo, ndi chochulukitsira. Munthu amayenda kuchokera koyera kupita kwakuda, osabwerera. Chipinda chilichonse chili ndi magawuni ake, mapaipeti ake, ngakhale cholembera chake. Matebulo amapukutidwa ndi jiki wosungunula, chifukwa sipiriti amapha tizirombo koma saononga DNA. Makina ngati GeneXpert anachepetsa vutoli poika zonse m'katiriji, kabokosi kotseka kapulasitiki: wa kulabu amasakaniza makhololo ndi mankhwala ake, magawo awiri a mankhwala pa gawo limodzi la makhololo, amakhutchumula, amadikira mphindi 15, n'kuthira m'katiriji. Zotsalazo zimachitikira m'kati. Ichi ndicho chinatheketsa kuti PCR ituluke m'mizinda n'kufika m'maboma.

Nanga labu imadziwa bwanji kuti lero zayenda bwino? Pamodzi ndi masampulo a odwala imayezanso masampulo amene yankho lake likudziwika kale: ina yopanda kachirombo, ina yokhala nako. Yopanda kachirombo ikaonetsa kuti kalipo, ndiye kuti penapake padetsedwa, ndipo zotsatira za gulu lonselo zimatayidwa. M'sampulo iliyonse amaikamonso kachizindikiro kamene kayenera kuoneka nthawi zonse. Kakapanda kuoneka, makina salemba kuti munthu alibe matenda, amalemba kuti kuyeza sikunatheke. Mu Febuluwale 2020 bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linatumiza zipangizo zake zoyamba zoyezera Covid-19 ku malabu a m'dzikomo, ndipo malabu ambiri anaona masampulo opanda kanthu aja akuonetsa kachirombo. Zipangizozo zinali ndi vuto kuchokera kumene zinapangidwa. Kuyeza kunachedwa masabata, koma vutolo linagwidwa ndi lamulo wamba limeneli.

Nambala ija

Aliyense amene anagulapo mbatatesi pa Lizulu amadziwa kuti ndowa si ndowa: ina ndi yopsinyika pansi, ina yotakasuka kukamwa, ndipo mtengo wa ndowa ulibe tanthauzo mpaka mutagwirizana ndowa yake. M'zaka zoyambirira za PCR zinali choncho. Makope 1,000 a kampani ina sankafanana ndi makope 1,000 a kampani inzake. Komiti ya WHO yoona za miyezo ya zamoyo inathetsa izi pokhazikitsa sampulo imodzi yoyang'anirapo onse: kachirombo koumitsidwa m'timabotolo, koyezedwa ndi malabu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana, kenako n'kupatsidwa nambala imene onse agwirizana. Muyezo woyamba wotere unali wa Hepatitis C mu 1997, wa HIV unatsatira mu 1999, ndipo wa kachirombo ka Covid-19 unakhazikitsidwa mu Disembala 2020. Yambiri imasungidwa ku labu ya boma la Britain yotchedwa NIBSC, kufupi ndi London, ndipo opanga zipangizo amalinganiza makina awo ndi timabotolo timeneto.

Ngakhale zili choncho, nambala ya PCR si yeniyeni ngati ya ndalama za kubanki. Magazi omwewo mukawayeza kawiri atha kutulutsa 400 koyamba, 900 kachiwiri, popanda amene walakwitsa. Akatswiri amati kusiyana kosafika katatu sikusonyeza kuti m'thupi mwasintha kanthu. Magazi ouma papepala nawonso sapereka nambala yakuthwa ngati madzi a m'magazi, chifukwa ndi ochepa ndipo ali ndi maselo momwemo. N'chifukwa chake malangizo a WHO sanena kuti mankhwala alephera pa kuyeza kumodzi. Amafuna kuyeza kuwiri kotsatizana kopitirira 1,000, pakati pake pali uphungu. Khanda likapezeka ndi kachirombo limayamba mankhwala nthawi yomweyo, koma limatengedwanso magazi ena otsimikizira, poti mankhwalawo ndi a moyo wonse. Pa TB, GeneXpert imaona DNA ya tizirombo takufa tomwe, ndiye siigwiritsidwa ntchito poona ngati munthu akuchira. Pamenepo amabwerera ku maikulosikopu. Mfundo ngati zimenezi, zonena pamene chipangizo chimalekezera, ndizo zimadya nthawi yambiri ya makomiti, ndipo ine ndimaziona kuti ndizo zofunika kuposa zonse.

Makina atsopano akafika, labu siiyamba kuyezera odwala tsiku lomwelo. Imayamba yatsimikiza, ndi masampulo odziwika, kuti makinawo akuchita m'chipinda chimenecho, m'manja mwa anthu amenewo, zimene wopanga analonjeza. Pambuyo pake, kangapo pachaka, imalandira masampulo a mayeso ochokera kunja kwa labuyo, osauzidwa mayankho, n'kutumiza zimene yapeza kuti achonge. Mabungwe ngati QCMD la ku Glasgow amagwira ntchito imeneyi. Labu ikalakwa imayenera kufufuza gwero, kukonza ndi kulemba zonse.

Makwerero a nyenyezi

Kwa zaka zambiri ISO 15189 inali ngati phiri losakwereka kwa malabu a boma a mu Africa muno. Unali muyezo wakuti wakhoza kapena walephera, ndipo pafupifupi onse akanalephera. Mu 2008 mayiko ndi mabungwe anasainirana chikalata cha ku Maputo cholimbikitsa malabu. Mu 2009, ku Kigali, kunakhazikitsidwa maphunziro a SLMTA ophunzitsa oyang'anira malabu, pamodzi ndi njira ya WHO yokwera pang'onopang'ono imene pano imatchedwa SLIPTA. Oyendera amabwera ndi mndandanda wa mafunso n'kupereka nyenyezi: labu yopeza 55 pa 100 imalandira nyenyezi imodzi, yofika 95 imalandira zisanu. Bungwe la African Society for Laboratory Medicine, limene linayamba mu 2011 ku Addis Ababa, ndilo limayendetsa kuyendera kumeneku. Labu ikafika pamwamba imatha kupempha satifiketi yeniyeni ya ISO 15189, ndipo kwa Malawi ndi mayiko ena a SADC opanda bungwe lawolawo, amapereka ndi a SADCAS a ku Gaborone.

Ogwira ntchito m'labu amadandaula kuti zonsezi n'zochulutsa mapepala, ndipo sakunama. Firiji ili ndi pepala lake lolembapo kuzizira m'mawa ndi madzulo, makina ali ndi lake, mankhwala ali ndi lake. Pali ngozi yakuti anthu awiri otopa, amene mzere wa odwala wafika pakhonde, adzaze mapepala a mwezi wonse usiku woti mawa kubwera oyendera. Pepala lotere ndi loipa kuposa lopanda kanthu, chifukwa limabisa tsiku limene magetsi anathima firiji n'kutentha. Koma pepala lolembedwa moona ndilo lokha lingayankhe funso lakuti, zotsatira za sabata ija tizikhulupirire kapena tiitanenso anthu?

Pamene miyezo imaperewera

Wopanga GeneXpert amanena kuti makinawo azigwira ntchito m'chipinda chosapitirira madigiri 30, ndipo makatiriji a TB asungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 28. Pa Dedza boma, pamwamba pa mapiri, zimenezi sizivuta kwenikweni. Tsikani Khwekhwerere mufike ku Golomoti kapena ku Mtakataka mu Okutobala, m'chipinda cha malata, muone ngati madigiri 28 ali ndi tanthauzo popanda makina oziziritsira ndi magetsi odalirika. Boma limodzi, nyengo ziwiri. Onjezani fumbi lolowa m'makina ndi magetsi othima katiriji ili pakati pa ntchito, imene ikatero yatayika. Muyezo umangonena chofunika. Sugula sola kapena batire. Zikalata zenizenizo nazonso zimagulitsidwa, ndipo pa ndalama yathu mtengo wake si wamasewera.

Vuto lozama ndi la tizirombo tomwe. PCR imapeza chokhacho chimene anaipangira kuti ifunefune. GeneXpert imazindikira TB yosamva rifampicin poyang'ana kachigawo kakang'ono ka chibadwa cha kachiromboko, kamene kusintha kwambiri kumachitikira. Koma ku Eswatini, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 ndi 2010 anasonyeza kuti pafupifupi 30 pa 100 ya TB yosamva mankhwala angapo inali ndi kusintha kwa pamalo ena, kunja kwa kachigawo kaja. Makina ankanena kuti rifampicin agwira pamene sagwira. Labu ikanatha kukhala ndi nyenyezi zisanu, n'kutsata lamulo lililonse, koma yankho likanakhalabe lolakwika. Zimenezi zinadziwika chifukwa panali anthu amene anayeza masampulo a m'dzikomo ndi njira zina n'kufananiza.

Omicron, mtundu wina wa kachirombo ka Covid-19, itatulukira ku Botswana ndi South Africa mu Novembala 2021, zinaonekanso kuti chipangizo china chotchuka chinkaphonya chimodzi mwa zigawo zitatu zimene chimayang'ana. Mwamwayi zigawo ziwiri zinazo zinkagwirabe, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amalimbikitsa kuti chipangizo chisadalire chigawo chimodzi. Pa matenda akumtundu vutoli n'lalikulu koposa. Malangizo a mu 2015 a akatswiri a ku America amagawa kusintha kwa chibadwa cha munthu m'magulu asanu, ndipo gulu lapakati ndi la kusintha kumene tanthauzo lake silidziwika. Popeza zambiri zofananizira zinatengedwa kwa anthu ochokera ku Ulaya, munthu wa ku Africa amagwera m'gulu limeneli kawirikawiri kuposa mzungu.

Apa ndi pamene ndimaona kuti kungolandira miyezo sikukwanira. Komiti imalemba malinga ndi umboni umene uli patebulo ndi anthu amene ali m'chipinda. Ngati palibe amene wabweretsa zotsatira za masampulo a kuno, kapena wonena kuti kwathu sampulo imayenda masiku angati isanafike, chikalata chidzatuluka chopanda zimenezo, osati mwa nkhanza koma mwa kusadziwa. Khomo la ndemanga lija ndi lotsegukira aliyense. Malawi Bureau of Standards ili m'bungwe la ISO, ndipo tili ndi akatswiri a zamalabu ochokera ku KUHeS, Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo amene amaona tsiku ndi tsiku zimene wolemba wa ku Pennsylvania sanazionepo. Mabuku a masampulo okanidwa ndi a makina olephera amene ali m'malabu athu a m'maboma ndi umboni kale, amangofunika wowasonkhanitsa.

ISO 15189 ya mu 2022 inabweretsa chinthu chimodzi chotikhudza mwachindunji. Kuyeza kochitikira pafupi ndi wodwala, kunja kwa labu, kumene kale kunali ndi chikalata chakechake, tsopano kuli m'muyezo womwewu, ndipo malabu ovomerezeka anapatsidwa mpaka Disembala 2025 kuti asinthire ku muyezo watsopanowu. Tanthauzo lake n'lakuti makina a PCR akaikidwa kuchipatala chaching'ono n'kumayendetsedwa ndi anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo, labu yoyang'anira iyenera kuonetsetsa kuti anthuwo aphunzitsidwa, akuyeza masampulo otsimikizira aja, ndipo akulandira mayeso ochokera kunja. Ku Dedza ndi ku Ntcheu zimenezi zikutanthauza munthu wa kulabu ya paboma woyendera zipatalazo pafupipafupi, galimoto kapena njinga yomufikitsa, ndi mafuta olembedwa m'bajeti ya boma chaka chisanayambe.